Alendo a Khirisimasi akadzaza nyumba, mayi asathere kukhitchini

Funso lachokera kwa mayi wa ana atatu wa ku Chibavi, muno mu Mzuzu: "Kwathu ndi ku Ntcheu, amuna anga ndi a ku Mzimba. Chaka chilichonse sukulu zikatsekera mu Disembala, kumabwera apongozi kuchokera kumudzi, alamu anga a ku Lilongwe ndi ena a ku Karonga pamodzi ndi ana awo, mpaka timakwana anthu 13. Ndimadzuka kusanache, kugona pakati pa usiku, ntchito yake kuphika ndi kutsuka mbale. Womaliza wanga ali ndi miyezi 8, akuyamwa. Alendo akamapita timatsala ndi ngongole, ndipo palibe wonena zikomo, ngakhale ana anga omwe. Ndikadandaula, anzanga akutchalitchi amati ndiziyamika kuti ndili ndi abale. Kodi ndine wosayamika? Nanga ndingaphike chiyani kuti onse akhute popanda ngongole?"

Mayi mnzanga, simuli wosayamika ayi, mwangotopa. Munthu atha kukondwa ndi mtima wonse kuti apongozi ake ali moyo ndipo amabwera kudzanyamula adzukulu, koma msana n'kumamuwawabe. Anzanu akutchalitchiwo sananame, koma si iwo amene amakolezera mbaula yanu mvula ikugwa.

Pa ntchito yanga yophunzitsa za kadyedwe ndi kasamalidwe ka pakhomo, dandaulo lanuli ndimalimva kawirikawiri Januwale akangoyamba, ndipo gwero lake limakhala limodzi. Chakudya chikamangofika patebulo chitapsa kale, odyawo saganiza n'komwe kuti panali munthu anapeta, anasenda, anatsokomola ndi utsi. Anthu amathokoza ntchito imene aiona ndi maso kapena aigwirako ndi manja. Inu, chifukwa chofuna kukhala mkamwana wabwino, mwakhala mukuibisa ntchitoyo. Mumadzuka onse ali m'tulo, akamadzuka apeza tiyi wafika. Ndiye zimene ndikuuzeni pano, kaya za ndalama kaya za ndiwo, cholinga chake n'chakuti ntchito ya Khirisimasi ituluke poyera, aliyense aigwireko.

Tiyambe ndi ndalama. Disembala amapusitsa. Mabanki mkhonde ambiri amagawana mwezi womwewu, ena pantchito amalandira malipiro msanga, ndiye m'thumba mumaoneka ngati muli kanthu. Koma Januwale amakhala ali pakhomo kale: fizi ya teremu yachiwiri, lendi, feteleza wobereketsa ngati muli ndi kamunda, komanso chimanga chimakhala chitakwera mtengo poti nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Chigwereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mafuta ophikira, shuga ndi buledi sizinabwererenso pamitengo imene tinaizolowera. Choncho khalani pansi ndi bambo a ana Novembala asanathe, mupatule kaye za Januwale n'kuziika pomwe dzanja silifika msanga. Zotsalazo ndiye za chikondwerero. Katapila wogulira nkhuku ndi zakumwa musamuyandikire n'komwe.

Ndipo phwando ndi la tsiku limodzi, pa 25. Ngati thumba lalola, pa 1 Januwale muwonjezere kankhuku. Masiku ena onse alendo adye zimene inu mumadya. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma wokhala masabata awiri salinso mlendo, ndi munthu wapakhomo, ndipo wapakhomo sadabwa ndi nsima ya nkhwani.

Tsono ndani awauze abalewo? Osati inu. Kuno kumpoto mkamwana amayang'anidwa kwambiri, ndipo mukanena nokha kuti abwere ndi kanthu, nkhani ikafika kumudzi kuti mkazi wa ku Ntcheu uja akuwerenga mitanda ya nsima. Mawuwo atuluke m'kamwa mwa bambo a ana, kwa abale awo. Asanenenso mozungulira kuti "muthandizeko", chifukwa wothandizako amabwera ndi paketi ya mabisiketi n'kuona ngati watha. Atchule chinthu. Kwa a ku Lilongwe anene kuti, "Achimwene, mukamadutsa pa Jenda mutitengereko tomato, anyezi ndi kachewere." Kwa a ku Karonga apemphe mpunga wa Kilombero, poti kumeneko ndiye kwawo kwa mpungawo, ndipo ngati angathe awonjezere nthochi zophika. Amene akuti katundu amuvuta m'basi atumize ya makala pa Mpamba kapena Airtel Money. Apongozi musawapemphe kanthu, koma akabwera ndi nkhuku, nyemba kapena chimera, landirani ndi manja awiri, ndipo chikaphikidwa munene pamaso pa onse kuti ichi n'cha agogo.

Zouma monga mpunga, nyemba, mafuta, mchere, shuga ndi usipa gulani pang'onopang'ono kuyambira mu Novembala. Sabata ya Khirisimasi ku msika waukulu ndi ku Zigwagwa anthu amakhala pikitipikiti ndipo wogulitsa samva za kunenerera.

Tsopano za masiku wambawo, pomwe pagona funso lanu lachiwiri. Mwayi wathu ndi wakuti Khirisimasi imatipeza mvula itagwa, ndiwo zili mbwee. Bonongwe ndi chisoso zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Nkhwani zanthete zayamba, chigwada chilipo. Mango ndi masuku ali paliponse, ndipo mwana amene wadya mango awiri masana safunsa za switi. Ngumbi zikatuluka usiku, apatseni ana beseni la madzi pansi pa getsi, mawa lake mukazinge ndi kamchere. Ana a m'tauni amayamba ndi kunyansidwa, kenaka mbale amaimaliza ndi iwowo.

Koma ndiwo ya nyengo ino ndi bowa. Amene amayenda mseu wa M1 kudutsa ku Chikangawa amadziwa mmene amadzazira m'mbale m'mphepete mwa mseu, ndipo m'misika ya muno amafika m'mawa uliwonse. Bowa wotendera ataphikidwa bwino, mlamu wa ku Lilongwe safunsa za nyama. Muchotse dothi kumapazi, mutsuke msangamsanga osamuviika, kenaka mung'ambe ndi manja motsata mizere yake. Muike mumphika ndi madzi ochepa kwambiri ndi mchere, chifukwa bowa amatulutsa madzi ake. Madziwo akatsala pang'ono kuphwa, ikani tomato ndi anyezi. Nsinjiro muisungunule kaye m'kapu ndi timadzi kuti isachite zibuma, muthire, muchepetse moto, muzitakasa kuti isapserere pansi mpaka fungo la mtedza wauwisi litatha ndipo timafuta tayamba kuoneka pamwamba. Mtedza wosinjawo muusankhe bwino. Wofota, wakuda ndi wachuku mutaye, chifukwa poizoni wa chuku satha ndi moto ndipo amawononga chiwindi.

Pa bowa pomwepa ndikuchenjezeni mwamphamvu, poti m'nyumba mukhala ana ambiri oyendayenda. Gulani bowa wa mitundu imene mumaidziwa, kwa amayi amene amagulitsa chaka ndi chaka. Ana asazule okha kutchire. Bowa wakupha satha ululu ngakhale muwiritse tsiku lonse, ndipo wina sapweteka nthawi yomweyo, amayamba patapita maola 6 kapena kuposerapo. Munthu akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa, thamangirani kuchipatala ndi onse amene anadya nawo, osadikira kuti kuche.

Nyemba ndi zimene zimadyetsa khamu, koma zimatha makala. Ziviikeni m'madzi usiku wonse. M'mawa tayani madziwo, thirani ena, zibwate kwambiri kwa mphindi 15 mpaka 20. Kenaka, osatsegula chivindikiro, phulani mphikawo, muukulunge ndi chitenje chakale, muuike mudengu momwe mwayalamo bulangete, mufunditse bwinobwino pamwamba ndi m'mbali. Pakatha maola 3 kapena 4 mupeza zafewa, kwatsala kungokazingira tomato ndi anyezi. Nthawi yonseyo mbaula ili ndi ntchito ina, kapena yazima, inu mwakhala pansi mukuyamwitsa.

Usipa wouma wa ku Nkhata Bay sufuna malangizo anga, mumaudziwa. Ndingokumbutsa kuti wina muukazinge pang'ono popanda mafuta, muusinje, musefe, musunge m'botolo louma. Kasupuni kamodzi m'phala la khandalo, tsiku lina nsinjiro, tsiku lina nthochi kapena bango lakupsa lofinya, ndiye kuti mwana wa miyezi 8 sakusiyidwa m'mbuyo pomwe nyumba yonse yatanganidwa ndi alendo. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, nyemba, masamba, zipatso ndi zamafuta. Taonani nsima, usipa, nkhwani zotendera ndi bango pambuyo pake: poti nsinjiro ikuimira nyemba ndi zamafuta, magulu onse akwana m'chakudya chimene ena amachiona ngati chaumphawi.

Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi kadzutsa. Buledi wa anthu 13 tsiku lililonse, majarini, ndi shuga amene aliyense akudzithirira yekha. Shuga muzithira mu ketulo momwemo, mbale ya shuga isafike patebulo. M'malo mwa buledi, phikani chigumu madzulo: mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri zimene ogulitsa amatsitsa mtengo, kasoda, kamchere, mphika wopaka mafuta, makala ochepa pansi ndi ena pa chivindikiro. Masiku ena phala la mgaiwa lothira nsinjiro, masiku ena chinangwa chowiritsa. Zakumwa zam'botolo zikhale za pa 25 pokha, botolo limodzi munthu mmodzi. Masiku enawo kuli thobwa.

Thobwalo ndi ntchito ya apongozi. Apa mvetsetsani, chifukwa kagawidwe ka ntchito kamafuna nzeru. Munthu wamkulu simumutuma, mumamupempha luso lake. "Amayi, thobwa langa silifika pa lanu, adzukulu anuwa alaweko lenileni." Mawu amenewo ndi ulemu, ndipo nthawi zambiri amakhalanso oona. Mudzaona agogo atakhala pampasa, adzukulu atawazungulira, akuwauza nthawi yothira chimera. Akatero alowa kale m'khitchini mwanu ngati mnzanu, salinso woyang'anira mmene mukugwirira ntchito.

Akazi a alamu anu, kapena alamu aakazi, muwapatse masiku athunthu, osati tintchito. Kunena kuti "mundithandizeko kudula anyezi" kumakusiyani inu mwini mphika, maso ali ponseponse. Nenani usiku woyamba womwewo, mukuseka, kuti "Lachiwiri ndi Lachisanu khitchini ndi yanu, ife tidzalawe za ku Karonga." Wa ku Karongayo mwina akuphikirani mbalagha, nthochi zophikidwa pamodzi ndi nyama, ana anu n'kudya chinthu chatsopano. Ndipo tsiku lawolo inu musalowerere. Akathira mafuta ambiri, mutseke pakamwa. Muwayezere mafuta a tsikulo m'kabotolo m'mawa, basi. Amayi ambiri amene amadandaula kuti sathandizidwa ndi omwewo amene amalanda mthiko wina akangoyamba kuvundula mosiyana ndi iwo.

Ana onse, anyamata ndi atsikana, akhale ndi ntchito yodziwika dzina. Wazaka 5 atha kutola zinyalala mu mpunga ndi kusadzula masamba. Wazaka 8 kapena 9 atsuke makapu ndi kuthirira anthu madzi osamba m'manja. Akuluakuluwo mbale, madzi ndi mbaula. Ngati kunyumba kwanu mumadya kondowole, mnyamata wamkulu uja amene amangokhalira foni ndiye mwini wake. Kondowole safuna luso lambiri ngati mphamvu. Madzi akawira mumaphula mphika, kuuika pansi, kuupana ndi mapazi mutatchinga ndi kansanza, n'kuthira ufa wa chinangwa uku mukuvundula mwamphamvu usanalimbe. Muoneni mnyamatayo thukuta lili kamukamu, mthiko ukukana kutembenuka, azisuweni ake akumuseka. Madzulo amenewo akamadya, ayang'ana nkhope za anthu kuti aone ngati akomedwa, ndipo wina akapanda kunena kanthu chimuwawa. Kuyambira pamenepo adziwa chimene inu mumamva.

Za tsiku la phwandolo sindichulutsa. Pa 24 madzi atungidwe, mpunga upetedwe, makala akhale pafupi. M'mawa wa pa 25 abambo aphe ndi kusosola nkhuku anthu asanapite kutchalitchi. Nkhuku ziwiri zachikuda, zodulidwa tizidutswa tating'ono, msuzi wake mutaikamo kachewere, zikwana. Mpunga makilogalamu awiri ukwanira khamu lanu poti ambiri ndi ana, koma kamphika ka nsima kakhalepo, chifukwa apongozi akadya mpunga wokha adzati agona ndi njala. Pogawa pakhale munthu mmodzi. Nthutumba ipite kumene mwambo wa nyumbayo umati ipite, zimenezo musalimbane nazo. Chimene ndikulimbana nacho ine ndi mbale yanu. Muipakule poyamba, pamodzi ndi ya apongozi, muli nyama yeniyeni, osati khosi ndi mapazi, ndipo mukhale pansi mudye pomwe ena akudya. Mayi woyamwitsa amafunika chakudya chochuluka kuposa masiku onse, ndipo zokokota mumphika mutaimirira si chakudya. Komanso ana anu aakazi akuona. Akamakula akuona mayi akudya zotsala, adzayesa kuti ndiwo udindo wa mkazi.

Nyumba yodzaza nthawi ya mvula ndi pomwe matenda otsegula m'mimba amapezera mpata. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nkhata Bay, pafupi pomwepa, linali limodzi mwa maboma amene anavutika. Madzi akumwa mukhale mutawiritsa kapena kuthira klorini, ndipo asungidwe mu ndowa yovindikira. Posamba m'manja muzithirirana ndi jagi, pali sopo, osati anthu 13 kuviika manja m'beseni limodzi. Chakudya chakupsa chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Mpunga ndi umene umapusitsa kwambiri, chifukwa umaoneka wabwinobwino pomwe wayamba kale kuwonongeka. Ndi chifukwa chake ndikuti muphike wokwanira nthawi imodzi. Zotsala ngati muli ndi firiji zilowe msanga, ndipo potenthetsa zitenthe mpaka nthunzi, poti magetsi akazima usiku firijiyo simungaidalire.

Tibwerere ku zikomo uja. Musamupemphe patebulo. Zikomo wochita kukakamiza sakoma, ndipo mukangoti "palibe ngakhale wondithokoza", alamu amva ngati mukuwathamangitsa. Nkhaniyi ndi ya kuchipinda, inu ndi bambo a ana, alendo asanafike. Ana amatengera bambo awo. Bambo akamaliza kudya n'kusamba m'manja n'kunyamuka osanena kanthu, mwana wazaka 10 sangayambe yekha. Apempheni chinthu chimodzi chaching'ono: akatha kudya anene mokweza, ana akumva, kuti "Mayi a ana, mwaphika bwino, zikomo." Pemphero la chakudya nalonso lizitchula wophika wa tsikulo, kaya ndi inu, kaya ndi mlamu, kaya mnyamata wa kondowole uja. Abambo ena amaona ngati chitenje cha pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, chimalipira chaka chonse. Chitenjecho n'chabwino, tisachikane, koma sichitsuka mbale za mu Disembala.

Nanunso muzithokoza mokweza, motchula chimene munthu wachita. "Mwatsuka bwino mapoto aja, ayera." Mwana amene wathokozedwa chifukwa cha ntchito yake amaphunzira msanga kuona ntchito ya ena. Musayembekezere kuti chaka choyamba zonse zisintha. Mlamu wina adzakhalabe pampando ndi rimoti m'manja, ndipo apongozi mwina adzang'ung'udza kuti masiku ano anyamata akuphika. Zisiyeni zidutse, bola bambo a ana ali mbali yanu.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe poti muli ndi khanda. Kutopa kwa alendo kumatha alendo akapita n'kugona bwino masiku angapo. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposerapo mukungolira popanda chifukwa, tulo osabwera ngakhale mwana wagona, chakudya osachifuna, kapena mwanayo osakusangalatsaninso, kumeneko si kutopa wamba. Amayi ena amadwala matenda a nkhawa ndi kukhumudwa m'chaka choyamba atabereka, ndipo amachira akathandizidwa. Mukapita kusikelo, muwauze anamwino mmene mukumvera, musachite manyazi.

Pa 26 ndi tsiku latchuthi, likhalenso lanu. Musaphike chachikulu. Ngati alamu ali ndi galimoto ndipo akufuna kuonetsa ana nyanja, Nkhata Bay ndi makilomita osakwana 50, apite ku Chikale atanyamula chigumu, mango ndi thobwa m'zigubu m'malo mokagula zonse kumeneko. Muwatsindikire kuti nyengo ya zikondwerero kugombe kumadzaza anthu, ena ataledzera, ndiye pakhale wamkulu mmodzi wosamwa amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana m'madzi basi, ndipo woyendetsa galimoto asalawe n'komwe, poti mseu uja ndi wotsetsereka ndi wokhotakhota. Inu ngati mukufuna nyanja pitani nawo. Ngati chimene mukulakalaka ndi kugona masana chitseko chili chotseka, tsalani ndi khanda lanu, musapepese kwa aliyense.

Tsiku lonyamuka alendo lidziwike asanabwere. Bambo a ana afunse pa foni pomwe akukambirana za tomato ndi mpunga paja kuti, "Mudzakhala mpaka liti, kuti tikonzekere bwino?" Zikhale kuti onse abwerera kusanatsale masiku atatu kuti sukulu zitsegulidwe, mupeze mpata wochapa mayunifolomu ndi kubweza ana pa nthawi yawo yogona. Ndipo powaperekeza, kamba wa paulendo akhale chigumu, mango ndi mtedza wokazinga. Apongozi okha ndiwo muwapatulire kashuga, sopo ndi mchere, zimene munagula kale mu Novembala n'kusunga padera. Thumba la ufa wa Januwale lisatsegulidwe, ngakhale mlamu atalisirira bwanji.